Chidindo cha pa Geti la Ngwako

Ndinkasenda zipalapasiro pakhonde Lamulungu lina madzulo pamene ndinawamva koyamba mapaziwo. Magetsi anali atazima monga mwa masiku onse, ndiye m'mudzi monse munali zii. Koma kuseri kwa mpanda wa malata wa Ngwako, moyang'anizana ndi nyumba yanga, anthu ankavina. Nyimbo kunalibe, gule anali asanayambe. Ankangomveka mapazi opanda nsapato akukhwekhwereza pa simenti mogwirizana, ndipo kamphepo kochokera kumeneko kankanunkha dothi lonyowa pomwe mvula inali isanagwe. Ndinadziuza kuti ndi mbuzi n'kupitiriza ntchito yanga, chifukwa ovina a kwa Ngwako ndi amene ankandigula zipalapasirozo.

Ngwako tinamuona akukula konkuno, kuseri kwa mapiri a Bolobedu. Anayamba ndi batire la galimoto ndi masipika awiri obwereka, kuika nyimbo m'maukwati. Kenako anapita ku Pretoria n'kukhala dijeyi wa nyimbo za hausi, zija zogunda ngati mtima wa munthu amene wathamanga. Nyimbo yake ina inalira m'maminibasi onse chaka chathunthu, ifenso tinkanyada ngati taiimba ndife. Kutabwera achinyamata ndi kaimbidwe kena, Ngwako anabwerera kumudzi ndi masipika akuluakulu, mwana wamkazi mmodzi dzina lake Motlatso, ndi nsapato zoyera zimene sankalola fumbi kuzikhudza. Anathira simenti pansi pa mtengo wa mango, n'kuzunguliza malata, n'kulengeza kuti Lamulungu lililonse kuzikhala gule.

Miyezi yoyambirira kunali manyazi okhaokha. Anthu ankafika pageti, kusuzumira, kuona simenti yokhayokha, n'kubwerera. Iye mwini ankandidandaulira kuti pa ntchito yake nyimbo si kanthu, chovuta n'kupeza oyamba kuvina, chifukwa palibe amene amafuna kulowa pamalo popanda anthu.

Zinthu zinasintha pamene amalume ake, a Masilo, anatenga geti. Anali munthu wosayankhulayankhula, wobwerera kumigodi, wosavula jekete lachikopa ngakhale kutenthe bwanji. Anaika katebulo pakhomo ndi chidindo cha katambala. Ukalipira ankakudinda pamkono kuti uzitha kutuluka ndi kulowanso. Kuyambira pamenepo, odutsa pamsewu ankamva ngati m'kati mwadzaza kale, ndiye ankalowa mothamanga. Akalowa ankapeza mulibe anthu ambiri, koma simenti inali yofunda ndipo miyendo inkangoyamba yokha. Chaka chisanathe, magalimoto ankachokera ku Tzaneen ndi ku Giyani komwe.

Woyamba kumwalira anali Tebatso, mtsikana woluka tsitsi amene ankavina kutsogolo kwenikweni kwa masipika. Anagona Lamulungu ali bwinobwino, Lolemba osadzuka. Ine ndili m'gulu la amayi osambitsa maliro, ndiye ndinapita nawo kunyumba yachisoni kukamuveka. Katambala kanali pamkono pake, kakuda bii. Tinakapaka sopo, tinakapaka parafini, osachoka. Chonsecho inki ya a Masilo tonse tinkaidziwa, inkasuluka ndi thukuta munthu asanafike n'kunyumba komwe.

“Mwaona?” anandinong'oneza mayi wina.

“Sindinaone kanthu. Tsitsani dzanja la diresilo.”

Itapita miyezi anatsatira Lesiba, woyendetsa minibasi, mwana woyamba wa achimwene anga a Phetole. Nayenso linali Lolemba m'mawa. Abambo amene anakamusambitsa anabwerako osayang'anana kumaso.

Apa mudzi unayamba kunong'ona. Wina anati anasuzumira pabowo la lata dzuwa likulowa n'kuona Tebatso akuvina, kukamwa kuli yasa, lilime mulibe. Wina anati agalu sadutsanso mbali imeneyo. Mawu akuti ndondocha, anthu ophedwa m'matsenga kuti azigwirira wina ntchito, anayamba kutchulidwa pampopi ndi kumbuyo kwa tchalitchi. Ndipo aliyense ankaloza Ngwako. Nanga ankalemera ndani? Komanso kwathu kuno tikaika maliro timasonkhana kupukuta misozi ndi mowa ndi nyimbo, ndipo woika nyimbozo anali yemweyo, nsapato zili mbuu. Anthu ankati akudya kuwiri. Koma Lamulungu likafika onong'ona omwewo ankasamba n'kukaima pamzere, aliyense akuganiza kuti tsoka ndi la mnzake.

Achimwene anga sanali munthu wachiwawa. Ankakonza matrakitala m'minda ya mapeyala, ndipo chimwalirireni mkazi wawo ankadya kwanga. Koma imfa ya Lesiba inawaumitsa mtima. Lamulungu lina dzuwa litapendeka, jenereta ikulira, gule atangoyamba, ndinawaona akubwera ndi abambo ena, wina atanyamula chigubu cha petulo, wina akugubuduza tayala. Amene anali pamzere anabalalika.

A Masilo anaimirira kuti awatchingire panjira, ndipo kwa nthawi yoyamba anavula jekete lija n'kulikoleka pampando. Motlatso anali atabwera kutchuthi kuchokera kusukulu ya unamwino. Bambo ake sankamulola kufika pamalopo, koma atamva phokoso anathamangira kugeti, ndipo poona tebulo lili lokha anakhalapo kuti alondere. Anali mwana wa manja osakhazikika. Anatenga chidindo, anapeza inki yauma, anapisa m'thumba la jekete n'kupezamo kachitini kena. Ananyika chidindo n'kudziyesa pamkono.

Ngwako anatuluka nyimbo ikulirabe, akulumbira pa manda a mayi ake kuti sadziwa kanthu. Palibe anamukhulupirira, ngakhale ine. Tayala linali litafika kale pamapazi pake pamene a Masilo anatembenuka n'kuona kachitini kali kotsegula. Anakhala pansi pafumbi.

“Mwana iwe, inki imeneyo waitenga kuti?”

“M'jekete lanu, agogo. Inayo yauma.”

Fungo la dothi lonyowa linakwera kuchokera patebulo mpaka aliyense analimva. A Phetole anawagwira a Masilo pakhosi, ndipo nkhalambayo sinalimbe. Inaulula kuti kachitiniko inabwera nako kumigodi, kuti ovina osaonekawo amatopa ngati munthu aliyense, ndipo akatopa amafuna wowathandiza.

“Amalume, mwandichita chiyani?” anafunsa Ngwako.

“Unkayesa amabwerera nyimbo zako? Nyimbo zako zinatha kalekale, mwana wa mlongo wanga. Ndakudyetsa ndine.”

“Chichotseni pamkono pa mwanayu.”

“Sichichoka. Nyimbo yomaliza ikatha amatuluka, ndipo amatenga amene wadindidwa pomalizira.”

Tonse tinathamangira kwa Motlatso. Petulo amene anabwera kudzaotcha bambo ake tinamupaka pamkono mpaka khungu linafiira, katambala kali pompo. Mtsikanayo sanalire, ankangoyang'ana bambo ake. Pamene tinkakumbukira a Masilo, pafumbi panali patatsala nsapato imodzi. Mpaka lero palibe amene anawaonanso.

Nyimbo inali kupita kumapeto. Ngwako anathamanga kukalumikiza ina, n'kubwerera pageti. Anafunsa ngati jenereta ili ndi mafuta okwanira, anamuuza kuti atsala ochepa. Kenako anapinda dzanja la malaya, ananyika chidindo m'kachitini, n'kudzidinda pamkono tonse tikuona. Motlatso anakuwa, amayi ena anamugwira.

Manyazi amene anatigwira sindingawafotokoze. Munthu amene tinkafuna kumuotcha anali atadzipereka m'malo mwa mwana wake. Abambo anazyolika, wa tayala uja analikankhira kudzenje. Achimwene anga, misozi ili m'maso, anayandikira atatambasula dzanja.

“Ngwako, takulakwira. Ndikhululukire, mwana wanga.”

Ngwako analiyang'ana dzanjalo. Anayang'ana mwana wake, n'kuliyang'ananso. Kenako analilandira ndi moni wathu uja wa abambo, wokolana zala zazikulu mikono n'kugundana, ndipo anawakokera a Phetole pachifuwa n'kuwagwira nthawi yaitali. Amayi ena analira poona kukhululukirana kotero.

Anabwerera kumasipika n'kuika nyimbo yake yakale ija ya m'maminibasi. Palibe wamoyo anavina. Itatha anazimitsa zonse, ndipo m'kachetechetemo tinamva mapazi opanda nsapato akudutsa pakati pathu, kulowera kugeti, kutsika ndi msewu. Ena ankandikhudza chitenje podutsa. Tinabalalika osatsanzikana, aliyense akumumvera chisoni Ngwako.

Lolemba m'mawa ndinatuluka ndikuyembekeza kumva maliro kutsidya kwa msewu. Ndinaona Motlatso akutunga madzi. Kenako ndinaona Ngwako, wamoyo, akusesa masamba a mango pa simenti yake. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndinaganiza kuti nkhalamba ija inangotiopseza. Ndinafulula tiyi n'kunyamula kupita kwa achimwene kuti ndikawauze.

Ndinawapeza ali chigonere, atafunda bwinobwino, thupi litazizira. Dzanja lawo lamanja linali lende m'mbali mwa bedi. Pamkono panali katambala, kosaoneka bwino m'mphepete, koyang'ana mbali yosiyana ndi kumene kankayang'ana pa anthu ena onse, monga zimakhalira inki yaiwisi ikachoka pakhungu lina kupita pa lina.

Ngwako anabwera kudzapepesa maliro monga wina aliyense, ndipo anati adzaika nyimbo ulere tsiku lopukuta misozi. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba.

“Unkadziwa kuti inki inali isanaume?”

Anayang'ana pansi. “Mayi, dzanja anatambasula okha.”

Ena m'mudzi muno amati inali ngozi, munthu wosweka mtima saganiza za inki. Ena amati amalume ndi mwana wa mlongo wawo anapangana zonse. Ine ndinali pafupi, ndinaona m'mene Ngwako anayang'anira dzanja lija kawiri, ndipo ndimamuda. Malowo anawatseka, masipika anagulitsa, masiku ano amakonza mafoni kumsika ndipo palibe amene amamupatsa moni wa pamanja.

Motlatso anamaliza sukulu, ndi namwino pachipatala chathu chaching'ono, ndipo anthu amamukonda. Mwezi uliwonse ndimapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo amene amandilandira ndi iye. Amandifunsa ngati ndikugona bwino, ndimamuyankha kuti inde. Katambala kake kakadalipo, amakabisa ndi wotchi. Akandigwira mkono ndimayang'ana kukhoma, chifukwa ndi mwana wabwino ndipo sindifuna aone kuti ndikuwerengera zaka zimene akukhala moyozi ngati zolandidwa kwa achimwene anga.