Mphika wa Kuseri kwa Chitseko

Temwa anatopa nako kupunthwa m'nyumba ya kwawo ku Lufita, m'boma la Chitipa. Mayi ake, a Dorothy, sankataya kanthu. Zigubu zobooka, nsapato zosowa zinzake, wailesi yomwe inasiya kulankhula Temwa ali mu Sitandade 4, zonsezo zinkakhala pabalaza ngati abale. Ukati usese, tsache linkangopita chozemba pakati pa katundu.

Lachisanu lina anakatula makope kunyumba kwa aphunzitsi ake, Madamu Joyce a ku Zomba, ndipo anachita nsanje. M'nyumbamo munali mipando iwiri, tebulo, ndi mpweya wabwino basi.

"Madamu, katundu wina mumasunga kuti?" anafunsa Temwa.

"Ndi yemweyu," anayankha Madamu. "Posesa ndimanyamula chinthu chilichonse, n'kuchiyang'ana bwinobwino, n'kudzifunsa ntchito yake. Chopanda ntchito chimatuluka."

Pa mawu onsewo, Temwa anatolapo atatu omalizawo. Zoyang'ana bwinobwino zija zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Mawa lake masana kunali koti kubwera amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, kudzapemphera. A Dorothy ponyamuka kupita kumsika anati, "Usese bwino, alendo asatiseke."

Apo ndiye anamuputa dala. Temwa anamanga chitenje m'chiuno, ntchito n'kuyambika. Zigubu zinapita kudzenje la zinyalala, wailesi n'kutsatira, nsapato nazo ulendo womwewo. Kuseri kwa chitseko anapeza mphika wadothi wong'aluka, wodzaza phulusa.

"Anthu awa mpaka kusunga phulusa?" anadandaula yekha. Anaunyamula, wolemera choncho, n'kukauponya m'dzenje muja. Unasweka kuti phwa, iye n'kuthira zinyalala pamwamba osacheukanso.

A Dorothy atabwera anaima pakhomo, dengu lili pamutu.

"Kodi kunabwera akuba?"

"Ayi, amama, ndasesa," anatero Temwa monyadira.

Mayiwo anatula dengu, n'kusuzumira kuseri kwa chitseko.

"Mphika wanga uli kuti?"

"Wa phulusa uja? Ndataya."

"Temwa, m'menemo munali mbewu yanga ya nyemba. Phulusalo n'loti anankafumbwe asalowe. Nyemba zimenezo ndinachoka nazo ku Misuku kwa malemu agogo ako, pamsika sungazipeze. Mvula nayi yayandikira. Tidzala wailesi?"

Temwa anachita manyazi, komanso mantha. Anatsomphola lichero n'kuthamangira kudzenje, komwe anapeza nkhuku za oyandikana nawo zitayamba kale phwando. Anazipirikitsa, n'kulumphiramo yekha, n'kuyamba kupeta phulusa. Mphepo ya ku Chitipa nayo siidziwa chisoni, phulusa lonse inkalibwezera kumaso kwake.

Ali mkati mopeta anamva alendo aja akupereka moni kwa mayi ake, "Odi! Monire, anyina Temwa." Amayi khumi ndi awiri, mabulauzi oyera mbee, anali ataima m'mphepete mwa dzenje, akuyang'ana chinthu chotuwa chomwe chinkayetsemula pansipo.

"Nanga mwanayu akutani?" anafunsa mmodzi.

"Akusesa," anayankha a Dorothy, nkhope ili gwa.

Amayiwo atamva nkhani yonse anaseka mpaka misozi. Koma ataseka anapinda zitenje, n'kunjuta, n'kuyamba kutola nyemba imodziimodzi. Zinakwana mbale ziwiri. Yachitatu inali itapita ndi nkhuku.

Mapemphero atatha, Temwa atasamba, anabwerera kudzenje mwakachetechete kuti akatolenso katundu yense uja. A Dorothy anamuona akukoka chigubu. Anacheukira pabalaza, pomwe kwa nthawi yoyamba alendo onse anakhala atatambasula miyendo popanda wogunda kanthu.

"Izo zisiye komweko," anatero. "Zaka zonsezi sindinazifunepo ngakhale tsiku limodzi."

Temwa anaponya chigubu chija, koma anatola wailesi. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuitsegula kumbuyo, n'kusuzumiramo nthawi yaitali.

"Ukufunanso chiyani m'menemo?" anafunsa mayi ake.

"Ndikuona kaye, amama. Mwina munasungamo mawere."