Nsonga ya Mpeni M'mutu mwa Dixon

Lachinayi, Julaye 1937, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Dixon anamupeza atagona chafufumimba pakati pa mizere ya tiyi, field number 7, pa esiteti ya Chikuse kumunsi kwa Makwasa. Magazi kuseri kwa khutu. Akupuma, koma osayankhula.

Amene anaitana anthu anali Peterson, mlamu wake. Onse awiri anali m'gulu lopuluna, aja amadula tiyi nthawi yozizira kuti adzaphukenso bwino.

"Wagwera pa chitsa," Peterson anauza kapitawo. "Phazi laterereka basi."

Balalo linali laling'ono zedi. Kuchipatala cha mishoni anangolisoka, bandeji, finish. Koma masiku anayi anadutsa munthu osadzuka. Diso kutupa, mkono wamanzere uli lende. Dokotala anati case iyi ipite ku Blantyre, kwabwera makina ojambula m'kati mwa mutu. X-ray.

Teleza, mkazi wa Dixon, anali mlongo wake wa Peterson, bere limodzi. Pothawa Apwitikizi ali ana, ndi Peterson amene anamubereka kumsana powoloka mtsinje wa Ruo. Mawu a Peterson kwa iye anali lamulo.

"Chemwali, musalole," anatero Peterson pakhonde la chipatala. "Makina amenewo amayamwa munthu. Wolowamo sabwerako ali yemweyo."

"Nanga panopa ali yemweyo, achimwene?"

Teleza anadinda chala papepala lovomereza ulendowo.

Lachiwiri anakwera lole ya esiteti, Dixon pamphasa pakati pa mabokosi a tiyi, mutu pamiyendo ya mkazi wake. Ku Blantyre anamulowetsa m'kachipinda kamdima. Makina analira ngati njuchi. Kenako zii.

Patapita ola dokotala anatuluka ndi chithunzi chakuda, n'kuchiimika pawindo. Teleza anaona chigaza. Mano, nsagwada, mpata uja wa dzino lomwe Dixon anathyola ndi nzimbe. Anamuzindikira ndi mpatawo. Kuseri kwa khutu kunali kanthu koyera mbuu, kokhota ngati chikhadabo cha nkhuku.

"Mayi, chitsa sichioneka chonchi," anatero dresa, wothandiza dokotala, pomasulira. "Ichi n'chitsulo. Chalowa kwambiri, kuchotsa sangathe."

Teleza sanafunse kuti chitsulo chanji. Mpeni wopulunira aliyense wa ku tiyi amaudziwa. Wokhota kunsonga.

Dixon anamwalira Lachisanu masana. Sanalankhulepo ngakhale liwu limodzi.

Lolemba, 7 koloko m'mawa, Sajeni Maulidi wa ku Thyolo boma anafika pa esiteti ndi njinga, chithunzi chili mu envelopu yayikulu. Anayimika gulu lonse lopuluna, anthu 14, aliyense mpeni pansi patsogolo pake. Anayenda mzere wonse kufuna wothyoka. Palibe. Yonse yonoledwa, ikuwala.

"Wataya mpeni masabata awiri apitawa ndani?"

"Palibe, bwana," anatero kapitawo. "Wotaya mpeni pano ntchito yatha, m'nyumba ya esiteti palayini atuluke tsiku lomwelo. Ndani angayerekeze?"

Sajeni anali mwana wa wamalonda, za tiyi sankazidziwa. Anayamba kupinda envelopu. Case inali pafupi kufa.

Teleza anali ataima kumbuyo, mpango wakuda kumutu, mwana wake Esnat atagwira chitenje. Panali chinthu chomwe ankachibisa mumtima masiku onsewa. Loweruka lija Dixon ali chigonere, iye anabwera kunyumba kudzatenga zovala. Anamva phokoso la mwala kuseri. Peterson, munthu woti pa Sabata ngakhale nkhuni sawaza, anali akunola mpeni. Osati kunola wamba. Kukhula ndithu, thukuta kamukamu.

Ndiye panali mkangano uja. Dixon ankafuna kutenga banja kupita ku Salisbury kukasaka ntchito yabwino. Peterson anati ana ndi mbumba yake, mkamwini sangawanyamule ngati katundu. Mwezi wathunthu ankangolonjerana moni wouma.

"Asajeni," anatero Teleza. "Musayang'ane mipeni. Tiyeni mukaone tiyi."

Anapita onse ku field number 7. Teleza anawaonetsa mizere ya anthu ena. Nthambi zodulidwa kamodzi, mopendeketsa, posalala. Kenako mizere ya sabata yatha ya munthu mmodzi. Nthambi zong'ambika, makungwa akulendewera.

"Nsonga yokhota ija ndi imene imakoka nthambi," anatero. "Mpeni wopanda nsonga umatafuna."

"Mizere iyi ndi ya ndani?"

Kapitawo anayankha: "Ya a Peterson."

Sajeni anatola mpeni wa Peterson, n'kuuika pambali pa wa mnzake. Waufupi ndi chala chimodzi. Anaugoneka pachithunzi, padzuwa. Kanthu koyera kaja kanamaliza pomwe mpeni unathera.

Peterson sanathawe. Anakhala pansi pamzere wake womwewo.

"Dixon anandiuza kuti wapangana kale ndi lole ya ku Limbe," anatero. "Anati Loweruka ana akupita. Ndinangofuna kumuopseza. Chemwali, ndinkafuna musachoke."

"Ndiye ndatsala, achimwene. Mwaona? Ndatsala."

Unyolo unalira. Esnat anathamangira njinga akuitana amalume, Teleza anamubweza ndi dzanja limodzi.

Mlandu unazengedwa mu Okutobala ku Blantyre. Woweruza ananyamula chithunzi chija kawiri konse, kuchiyang'ana pawindo. Anati panalibe chiwembu, koma moyo watayika. Zaka 12, ntchito yakalavula gaga ku Zomba.

Anthu atatuluka, Teleza anadikira sajeni pamasitepe.

"Asajeni, chithunzi chija mwathana nacho?"

"Ndi cha boma, mayi. Chikhala mu file. Komanso n'chigaza chabe, muchitenge chani?"

"Bambo a Esnat sanajambulitsepo chibadwire. Ndi chokhacho."

Sajeni anayang'ana uku ndi uku. Analowa m'kati, anatuluka ndi envelopu, n'kuiika pasitepe ngati waiwala. Anakwera njinga osacheuka.

Kunyumba Teleza anachiimika pawindo, chala chake ataphimba nacho pa kanthu koyera kaja. Anaitana Esnat.

"Ukuona mpata wa dzinowo? Ndi abambo ako. Amaseka chonchi."