Oyilo Amene Ankati Sasinthidwa

Makiyi a minibasi anali m'thumba la siketi ya Kachete, ndipo ankamuwotcha ntchafu ngati khala la moto. Bambo ake anali atafufuza kale pansi pa mipando yonse ya galimotoyo. Tsopano anali pabalaza, akukutumula makushoni uku akufunsa aliyense wodutsa ngati wawaonako.

Kachete analowa kukhitchini, anatsuka kapu yoyera kale, n'kubwereranso pakhomo. Dzinali anamupatsa ndi azakhali ake chifukwa akamalankhula anthu ankachita kusendera pafupi.

Bambo akewo ankanyamula ana a sukulu tsiku ndi tsiku, timaulendo tifupitifupi m'misewu yafumbi. Koma tsikuli aphunzitsi a masewera anawapatsa ulendo wautali, wokatula timu ya atsikana ya mpira wamanja ku mpikisano, kuseri kwa mapiri. Bambowo anali atameta ndevu ndi kuvala malaya oyera. Ankati ulendowu ukayenda bwino, sukuluyo izingoitana iwo.

Nkhani inayambira kusitolo ya zipangizo za galimoto, chaka chathacho. Bambo ake anaganiza zosiya oyilo wamba n'kuyesa wa sinthetiki, amene amalume ake a Kachete ankamutama pena paliponse. Ali pakauntala foni yawo inalira, iwo n'kutuluka panja. Mayi wogulitsa m'sitolomo anangofotokozera Kachete, amene anawaperekeza. Anati oyilo ameneyu amapirira kutentha ndipo amakhalitsa kuposa wamba, koma naye amatopa. Nthawi yake ikakwana ayenera kukhetsedwa yense, fyuluta yosefera oyiloyo n'kusinthidwa, ndipo galimoto yoyenda m'fumbi n'kumaimaima siyenera kuchedwa nazo. Anamutuma kuti akawauze bambo ake. Kachete anavomera ndi mutu.

Madzulo ake amalume anabwera kudzacheza. Ananena molimba mtima kuti oyilo ameneyu ndi wa moyo wonse, munthu umangowonjezera akatsika. Bambo ake anakondwa mpaka kuwagwira chanza. Kachete anatsegula pakamwa, amalume n'kumuyang'ana, iye n'kungofunsa ngati awabweretsere madzi akumwa.

Chichokereni tsiku limenelo oyilo sanakhetsedwepo. Kenaka injini inayamba kugogoda ikangolizidwa m'mawa, kaphokoso konga supuni m'chitini. Bambo ake ankangokweza wailesi. Dzulo lake la ulendowu, iwo ali kosamba, Kachete anatukula mpando wakutsogolo umene pansi pake pali injini, n'kusolola kandodo koyezera oyilo. Kanatuluka kali bii, zonanda zikumata, ndipo atazipikisa ndi zala anamva timchenga. Anaganiza za mapiri aja ndi atsikana odzaza galimoto, ena a m'kalasi mwake. Anakonza mawu, anawayeserera pagalasi. Atafika pamaso pa bambo ake anangowauza kuti malaya awasita. Podutsa pakhomo anachotsa makiyi pamsomali. Ankaganiza kuti makiyi akasowa, ulendo ulephereka wokha popanda iye kulankhula.

Sanaganizire za Tsabola, mlongo wake wamng'ono, amene mbiri yake yobisa zinthu inali yodziwika. Ndiye uja anakwirira wotchi ya amayi m'munda wa maluwa kuti imere.

"Iwe Tsabola, bwera kuno. Ulendo uno wadzala pati makiyi anga?"

Mwanayo anakana kuti sanawakhudze. Anakananso kachiwiri, misozi ili m'masaya, koma kukana kwake kunali kutatha mphamvu kalekale. Amayi anamunyengerera kuti angoulula. Bambo ake anamugwira padzanja, dzanja linalo likuvula patapata.

"Ali ndi ine," anatero Kachete.

Palibe anamva. Anachita kulowa pakati pawo n'kutulutsa makiyiwo.

"Ababa, musiyeni. Ndinawabisa ndine."

Bambo ake anasiya dzanja la Tsabola. Kachete anafotokoza zonse akuyang'ana pansi, za mayi wa kusitolo, za kugogoda, za timchenga. Mawu ankatuluka mopingasa, ena kutsogola nthawi yawo isanakwane, koma sanaime mpaka anamaliza.

"Chaka chathunthu mawu amenewa ali m'kamwa mwako?" anafunsa bambo ake. "Unkawasungira ndani?"

"Amalume anali atanena kale."

"Amalume akowo ali ndi galimoto? Njinga yomwe amachita kubwereka."

Foni inalira. Anali aphunzitsi a masewera, akufunsa ngati anyamuka, pakuti atsikana anali atafola kale pageti pa sukulu. Bambo ake anati adikire pang'ono. Anatuluka, anatukula mpando uja, anasolola kandodo. Anapikisa zakudazo ndi zala nthawi yaitali. Analiza injini wailesi ili yozimitsa, n'kumvetsera atapendeketsa mutu. Kenaka anayenda uku ndi uku pabwalo, makiyi akuwaponyaponya m'manja. Kachete anaona kuti akufunitsitsa kungokwera n'kumapita.

Pomaliza anaimbira mnzawo wina wa minibasi kuti akanyamule timuyo. Anaimbiranso aphunzitsi aja, ndipo ngakhale Kachete anali patali, anamva mmene mawu a mbali inayo anakwerera.

Kugalaja anapita awiri, Kachete ndi bambo ake, pang'onopang'ono. Makaniko atamasula bawuti ya pansi pa injini, oyilo anayamba wakana kutuluka, kenaka n'kumagwa mibulumibulu m'beseni.

"Achimwene, munathira oyilo kapena phula la pamsewu?" anaseka makanikoyo.

Bambo ake sanaseke. Makaniko anati injiniyo ikanauma pa chitunda choyamba, ana a eni ali m'kati. Inafunika kutsegulidwa ndi kutsukidwa, choncho galimoto igona pomwepo masiku angapo. Za oyilo anati asankhe okha. Wamba ndi wabwino ngati sachita ulesi kumusintha pafupipafupi, wa sinthetiki amapereka mpata wotalikirapo, koma wosasinthidwa sanapangidwebe. Bambo ake anasankha wa sinthetiki yemweyo, n'kufunsa kawiri konse kuti adzabwerenso liti.

Anabwerera wapansi, dzuwa lili pamutu. Pa mkono wa malaya oyera aja panali banga lakuda. Anayenda mtunda wautali, Kachete akutsalira m'mbuyo, kenaka n'kumathamangira kuti awapeze.

"Injini wayipulumutsa," anatero bambo ake atayandikira kunyumba. "Koma ukanalankhula tsiku lomwe lija, bwenzi pano ndili kumapiri. Ulendo wapita, ndipo kaya adzandiitananso."

Kachete anati wamva.

Pageti anapeza Tsabola atakhala pansi, akujambula mizere m'dothi ndi kamtengo. Atawaona anatembenuka n'kuwapatsa msana. Bambo ake anaima, anakanda kumutu.

"Tiye tikamupepese. Ine ndiyamba, iwe utsatire. Koma ulankhule zoti amve."