Kamtsuko ka Masiye

Dailes anaima pakati pa dambo louma, kamtsuko kali m'manja, maso akuponya uku ndi uku. Pamalo pamene madzi ankafika m'chiuno nthawi ya dzinja, tsopano panali ziputu za mpunga ndi ndowe za ng'ombe basi. Dothi linali litang'ambikang'ambika. Kumudzi kumene ankachokera kunkamveka kulira kwa azimayi. Mng'ono wake Masiye anali atamwalira m'bandakucha, ndipo popeza unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, akuluakulu anagwirizana kuti maliro aikidwe tsiku lomwelo dzuwa likapendeka.

Chimene Dailes ankafuna chinali akakombo, maluwa aja amayandama pamadzi. Ngakhale mwana wa dzulodzulo wa kwawo ku Maganga akanamuuza kuti akakombo sapezeka m'chilimwe. Iyenso ankadziwa, koma mtima wake sunkafuna kumva.

Masiye anabadwa bambo awo atapita kale ku Halale kukafuna ntchito, kumene anakatchona, n'chifukwa chake anapatsidwa dzina limenelo. Kanali kamwana kolongolola, kokonda kutsatira mkulu wake kulikonse. Akapita kumunda wa mpunga kukaingitsa mbalame, mbalame zinkadya mwaufulu, mlonda ali kalikiliki kuthyola akakombo. Koma chaka chimenecho chifuwa chinamugoneka pamphasa mvula isanathe. Tsiku lina anatsuka kamtsuko kake, kamene amayi awo a Salome anamuumbira kuti aziphunzirira kutunga madzi, nakathira madzi, n'kukaika kumutu kwa mphasa.

"Achemwali," anatero Masiye, "mukamachokera kusukulu mundithyolereko akakombo. Poika ndakonza kale."

Dailes anavomera ndi mtima wonse. Dambo lija linali panjira yeniyeni ya kusukulu ya mishoni, ndipo ankalidutsa popita ndi pobwera. Kungoti poweruka anzake ankayambitsa fulaye, ndipo Dailes pa fulaye anali katswiri. Ankakumbukira za maluwa atafika kale pakhomo. "Mawa, Masiye," ankatero. Mawa lake likafika, kunali mawa linanso. Masiye sankakwiya. Ankangotaya madzi akale m'kamtsuko muja n'kupempha atsopano. Kenako mpunga unakololedwa, dambo linaphwa, ndipo Masiye analeka kufunsa. M'mawa wa malirowo, azimayi akuchotsa mphasa, Dailes anapeza kamtsuko kali pamalo pake, madzi alimo. Anakanyamula n'kutuluka osauza munthu.

Ataona kuti padambo palibe chake, analunjika kunyanja. Kumeneko kunali mnzake Kulusumu, amene mayi ake ankasinthanitsa usipa ndi chimanga cha a Salome. Anamupeza akuyanika usipa pathandala, bambo ake a Ramadhani atakhala pamthunzi akusoka ukonde. Anali atangobwera kumene kuchokera panyanja, maso ali psuu ndi tulo.

Dailes atafotokoza za malirowo, Kulusumu anaponya lichero pansi nayamba kulira. A Ramadhani anaika ukonde pambali n'kunena chapansipansi mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena akamva za imfa. Koma atamva chimene mtsikanayo anadzera, anadabwa.

"Maluwa? Ife pamaliro sitiika maluwa, mwanangu. Wopita amafuna pemphero. Bwerera ukakhale pafupi ndi mayi ako."

"Ndinamulonjeza, bambo," Dailes anayankha. "Anandidikira mpaka dambo linauma."

A Ramadhani anayang'ana kamtsuko kaja kwa kanthawi. Kenako ananena kuti malo okhawo amene ankawadziwa ndi dziwe lina la m'mabango, kufupi ndi pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja. Madzi ake sankaphwa, koma wapansi sakanafikako, ndipo ng'ona za kumeneko sizinkasankha kuti uyu ndi wamaliro. Anadzuka, natenga nkhafi, n'kuuza atsikanawo kuti akwere m'bwato ndipo asayerekeze kuviika dzanja m'madzi.

Bwato linatsata gombe, kenako linalowa m'kanjira kopapatiza ka m'mabango momwe udzudzu unkaluma ngakhale masana. Dailes ankangoyang'ana dzuwa, limene linkakwera mosaganizira munthu. Pamapeto pake anatulukira padziwe paja. Masamba a akakombo anali mbwee pamadzi, koma ambiri anali achikasu, odyedwa ndi tizilombo. Maluwa anali owerengeka, chapatali, ang'onoang'ono, obiriwira ngati thambo la m'mawa. Dailes anaiwala chenjezo natambasula mkono, koma a Ramadhani anamubweza ndi nkhafi. Iwo eni ndiwo anakokera maluwawo pafupi ndi bwato, n'kumadula mapesi ake ndi mpeni, maso ali pamadzi. Kulusumu anawalandira n'kuwaimika bwinobwino m'kamtsuko.

"Inshaallah ukafika asananyamule," anatero a Ramadhani atawatsitsa pagombe. Anauza Kulusumu kuti amuperekeze mnzakeyo, ndipo iwo ndi akazi awo abwera pambuyo kudzapepesa.

Atsikanawo anavundikira maluwa ndi tsamba la nthochi kuopa dzuwa, Dailes n'kusenza. Kuthamanga sakanatha, madzi akanatayika. Mchenga unkawotcha kumapazi, koma palibe anadandaula.

Anafika pamudzi nyimbo zitayamba. Aphunzitsi a Elliot, amene ankatsogoleranso mapemphero, anali ataima pafupi ndi kabokosi kamatabwa, ndipo azimayi a mumpingo anali ataluka nkhata ya maluwa ofiira a pampanda wa tchalitchi. Anthu atamuona Dailes anayamba kunong'onezana. Ena ankati mwanayu alibe chisoni, mng'ono wake ali gone m'nyumba iye n'kumakayenda kunyanja. Dailes anawamva, koma anangowadutsa. Anapita molunjika kukhonde kumene amayi ake anakhala, nagwada, n'kutula kamtsuko patsogolo pawo.

Atavundukula tsamba lija, anapeza kuti maluwa onse anali atatseka. Akakombo amatero dzuwa likapitirira pamutu, ndipo Dailes ankazidziwa bwino, koma tsiku limenelo anali ataiwaliratu. M'kamtsuko munangotsala timitu tobiriwira tosongoka, tosasiyana ndi therere losathyola. Apa ndiye Dailes analira kulira kumene anakusunga kuyambira m'mawa. Anauza amayi ake zonse, za lonjezo, za fulaye, ndi za mawa wake wosatha uja.

A Salome anamukokera pachifuwa. "Ndinkamva akukupempha, mwana wanga," anatero motsitsa. "Nanenso ndinkadutsa padambo pomwepo pochokera kumunda. Ndinkati ndidzathyola tsiku lina."

Dailes anali atangotha msinkhu chaka chomwecho, choncho aka kanali koyamba kuloledwa kulowa kumanda. Anayenda pambuyo pa amayi ake, kamtsuko atakakumbatira. Bokosi litatsitsidwa, adzukulu, amene ndiwo amakumba ndi kukwirira manda, anagwira ntchito yawo mpaka mtumbira unakwera. Nkhata ija inaikidwa. Kenako inafika nthawi ya mwambo wa makolo. Pamudzipo ziwiya za womwalira ankaziika pamtumbira, koma ankayamba aziboola pansi, kuti wina asadzazitole n'kukazigwiritsanso ntchito. Aphunzitsi a Elliot mwambowu sankaukonda, koma anali munthu wodziwa kukhala ndi anthu, ndipo nthawi imeneyi ankapezeka kuti akufunafuna nyimbo m'buku.

Mkulu wa adzukulu anali a Yohane, bambo wanthabwala amene ankatha kuseketsa anthu ngakhale pamaliro. Tsiku limenelo nthabwala zinawathera. Anatenga kambale kachitsulo ka Masiye n'kukaboola ndi msomali, natenganso chikho chake n'kuchita chimodzimodzi. Kenako anatambasulira dzanja kwa Dailes.

Dailes anabwerera m'mbuyo. "Mukaboola madzi atayika, bambo. Maluwawa afa asanatsegule."

A Yohane anamuuza mofatsa kuti chiwiya chosaboola sichitsala kumanda, ndipo cha womwalira sichibwereranso kumudzi. Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina anati ana a kusukulu ndi choncho, amafuna kuphunzitsa akulu. Dailes anayang'ana amayi ake, koma iwo anangoweramitsa mutu, poti kumanda mawu ndi a adzukulu. Pamapeto pake anapereka kamtsuko kaja, n'kutseka maso kuti asaone.

Anadikira kumva kuphulika kwa dothi ndi madzi akukhuthukira pansi, koma chimene anamva chinali kukwecha kwapang'onopang'ono. Atatsegula maso anaona a Yohane atanjuta, kamtsuko atakapana ndi mawondo, akupekesa msomali m'khosi mwake, pamwamba pa pamene madzi analekezera. Anapekesa mosamala mpaka msomali unatulukira mkati. Anakweza kamtsukoko kuti aliyense aone bowo, kenako anafukula pang'ono kumutu kwa mtumbira n'kukakhazika kuti kasagwe.

"Kabooledwa," anatero a Yohane, akupukuta manja. "Alipo amene ali ndi mawu?"

Mayi wolankhula uja anapezeka akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

M'mawa mwake achibale anapita ndi adzukulu kukaona manda, monga amachitira maliro akagona tsiku limodzi. Dailes ndiye anayamba kuona. Pakati pa dothi lofiira, pambali pa nkhata imene inali itafota kale, akakombo onse anali atatsegula, obiriwira, pakati pali chikasu. Dailes ankaganiza kuti akawaona otsegula mtima wake upepuka, koma unawawa koposa dzulo. Anali maluwa okongola zedi, ndipo m'dzinja akanatha kuwathyola osavula n'komwe chikwama cha mabuku.

"Akanawaona," a Salome ananong'ona.

Pobwerera kumudzi a Salome ankayenda motsimphina. Miyezi yonse ya matenda anali asanapumepo, ndipo mapazi awo anali atatupa. Atafika pakhonde anakhala pansi movutikira, n'kutambasula miyendo.

"Dailes, anthu akabalalika, mawa kapena mkuja, udzandithoweko miyendoyi ndi madzi otentha," anatero.

Dailes anali atatopa, ndipo kuseri kwa nyumba Kulusumu ndi atsikana ena ankamuitana kuti akadye. Anatsegula pakamwa kuti avomere monga ankavomerera nthawi zonse. Kenako maso ake anagwa pakhomo la nyumba, pamene pankaonekera malo opanda kanthu pomwe pankakhala mphasa ya Masiye. Anatembenuka, natola nkhuni, n'kutereka madzi pamoto.

"Ndati mawa, mwana wanga," anatero a Salome atamuona akubwera ndi beseni ndi kansalu. "Pita ukadye kaye."

"Ayi, amayi," anayankha Dailes, akugwada n'kuika phazi la amayi ake pamwendo pake. "Lero lomwe."