Namwino Wopanda Nsapato

Kumapeto kwa chaka, amuna a m'dera lathu timazungulira m'misewu madzulo, tikumenyanitsa timitengo tiwiri n'kumakuwa kuti anthu asamale moto. Tsiku limenelo tinalipo anayi, tonse a imvi. Mdima unali utangogwa, chipale chofewa chikutsika pang'onopang'ono.

Titafika pa holo ya m'dera, tinapeza mkazi wanga Fumie akutidikira panja ndi ketulo ya tiyi.

"Mukukuwa ngati mbuzi zachimfine," anatero akuseka. "Moto wake uti ungakuopeni inu?"

Sanamalize kuseka. Ketulo inagwa, iyenso n'kugwa, khu!

Ndinamuitana, ndinamugwedeza, koma anangoti zii. Sankapuma. Bambo Kanno anaimbira ambulansi, Bambo Oikawa n'kuthamangira makina odzutsa mtima amene amakhala m'bokosi pakhomo la holo. Ine ndinayamba kudinikiza pachifuwa pake monga tinaphunzirira. Makina aja atatsegulidwa anayamba kulankhula, akuti chotsani zovala za pachifuwa.

Anzanga onse atatu anatembenuka n'kutifulatira. Sinali nkhanza ayi. Ndi ulemu umene tinakula nawo, woti mkazi wa mwini sumuyang'ana. Koma ulemu umenewo unandisiya ndekha, zala zitauma ndi kuzizira, batani ngakhale limodzi likundikanika kumasula. Ndinayamba kulira.

"Shigeru, misozi pambuyo. M'kathumba ka makinawo muli sizasi. Dula."

Ndinadzutsa mutu. Pansi pa getsi la mumsewu panaima Mayi Hayasaka, namwino amene ankatibaya jakisoni pakiliniki yathu ine ndili mwana. Ndi iwo omwe anatiphunzitsa zonsezi pa chidole, ife tili kalikiliki ndi nthabwala. Anali m'chovala chogonera chopyapyala. Kumapazi kunalibe kanthu.

"Inu a Kanno, manyazi anadzutsapo ndani? Gwadani apa mumulandire mnzanuyu. Awirinu khalani chofulatira chomwecho, tambasulani majasi mutchinge mphepo."

Tinamvera ngati ana a sukulu. Ndinadula zovala, n'kumata timapepala ta makina pamene Mayi Hayasaka analoza. Sanakhudze kalikonse. Ankangowerenga, mawu osakwera osatsika, a Kanno akudinikiza. Tonsefe m'kamwa munkatuluka nthunzi. Mwa iwo ayi.

"Chotsani manja nonse!"

Ndinadina batani la makinawo. Thupi la Fumie linadumpha.

"Musaime. Pitirizani."

A Kanno anapitiriza, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Kenako Fumie anakoka mpweya ngati munthu amene wavuuka m'madzi.

Ambulansi itafika ndinacheuka kuti ndithokoze. Pansi pa getsi panalibe munthu, ndipo chipale cha pamenepo chinali chosapondedwa.

A Kanno anandigwira mkono. "Achimwene, mayi aja si ali kunyumba yosamalira okalamba kutsidya kwa mtsinje? Anasiya kuyenda kalekale. Mwana wawo yemwe sakumuzindikira."



Madokotala atanditsimikizira kuti Fumie achira, ndinagula manachesi n'kuwoloka mtsinje kukaona Mayi Hayasaka. Mtsikana wowasamalira anandiuza chapansipansi kuti madzulo aja anawapeza atakhala tsonga pabedi, akuwerenga mokweza, mapazi ali ozizira ndi onyowa. Chitseko cha chipinda chawo chinali chokhoma.

Ndinawapeza atagona, atatha, kathupi kosatukula n'komwe bulangeti. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuweramitsa mutu mpaka pansi. Ndinachita manyazi kuti dera lonse tinawaiwala, munthu amene anatisamalira moyo wake wonse. Ndinatchula dzina langa. Anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

Nditaimirira kuti ndizipita, zala zawo zinagwira malaya anga.

"Akupuma?"

"Akupuma, mayi. Lero wadya, wayambanso kundinyoza."

Anandisiya malaya, n'kutseka maso.

"Ndiye ukutani kuno? Pita ukakhale naye."