Kanyerere Athawitsa Madzi

Kunyumba amamutchula Kanyerere. Sakhala pansi. Chilichonse amafuna kugwira.

Kanyerere ankafuna kuona nyanja yamchere. Ankapempha m'mawa. Ankapempha masana. Amayi anatopa nazo. Loweruka lina anabereka khanda. Onse anakwera basi.

Anafika kupaki ya m'mphepete mwa nyanja. Pachipata panali mlonda wa chipewa chachikulu. Mlondayo anawauza malamulo. Osataya zinyalala. Osatenga kanthu, ngakhale kamwala.

Amayi anayang'ana Kanyerere. "Wamva? Timanja ito tikhale chete."

Kuseri kwa miyala kunali dziwe lalikulu. Mafunde sankafikako. Madzi anali phee. Amayi anakhala pamchenga n'kuyamwitsa khanda. Anamuuza Kanyerere kuti asapite kutali.

Kanyerere analowa m'dziwe. Madzi anafika m'mawondo. Pansi anaona chigoba choyera, chozungulira. Chinali chitakanirira mumchenga. Anakoka. Anakokanso. Chigoba chinazuka.

Panatsala kadzenje. Madzi anazungulira m'kadzenjemo ngati pasinki yakunyumba. Kanyerere anabisa chigoba m'thumba.

Anasewera. Anasewerabe. Kenako anayang'ana pansi. Madzi sanalinso m'mawondo. Anali m'akakolo. Posakhalitsa zala zakuphazi zinali pamtunda.

Dziwe linali kuphwa. Tinsomba tinaunjikana m'tizithaphwi. Kanyerere anagwira thumba lake. Chigoba chija chinali chotsekera! Iye wachotsa chotsekera. Madzi akatha, tinsomba tifa.

Anafunafuna kadzenje kaja. Koma timaenje tinali ponseponse. Anatseka kena ndi chidendene. Anatseka kena ndi dzanja. Madzi ankangopita. Madzi ankangopitabe.

Amayi anamuitana kuti adzadye buledi. Kanyerere anati sakumva njala. Amayi anadabwa. Mwana ameneyu sakana chakudya.

Mlonda uja anatulukira. Ankayenda pang'onopang'ono. Ankabwera komweko. Kanyerere anamuona. Anafuna kuthawa. Koma tinsomba nanga?

Anagwada pamchenga. Anapereka chigoba ndi manja awiri.

"Amalume, ndine ndathawitsa madzi. Ndachotsa chotsekera. Bwezeranipo, nsomba zisafe."

Mlonda anayang'ana chigoba. Anayang'ana mwana. Anabisa kamwa ndi chipewa n'kutsokomola.

Amayi anafika, khanda lili m'manja. "Iwe, botolo la mafuta limakukanika kutsegula. Lero watsegula nyanja?"

Mlonda ananjuta pafupi ndi Kanyerere. Anamuuza kuti nyanja ilibe chotsekera. Madzi ake amapita okha. Amabweranso okha. Amatero tsiku lililonse. Tinsomba timadziwa. Timangodikira m'zithaphwi.

Koma chigoba chibwerere, anatero mlonda. Kwake n'komweko. Kanyerere anachiika pamchenga wonyowa. Anachikanikiza kwambiri, poti mwina n'chotsekeradi.

Komabe sanakhulupirire. Madzi anali kutali, kutali zedi. Mlonda anazika kamtengo mumchenga. "Uyang'anire apa, mdzukulu. Afika."

Amayi anayang'ana nthawi pafoni. Anausa moyo. Basi yoyamba iwasiya. Anayang'ananso nkhope ya mwana wawo. Anakhala pansi.

Anadikira. Khanda linagona. Khanda linadzuka. Kamtengo kanali kouma. Kanyerere anafunsa ngati amalume aja sananame. Amayi anati atseke pakamwa, atsegule maso.

Kenako madzi anayamba kukwawa. Anakwawa pamchenga. Analowa m'chithaphwi choyamba. Analowa m'chachiwiri. Tinsomba tinabalalika. Madzi anakhudza kamtengo.

"Amayi, abwera."

"Ndaona. Ndili nawo maso."

Amayi anavula nsapato. Anaviika mapazi awo otupa m'madzimo. Anatsinzina. Kanyerere anawatsamira paphewa. Anafunsa ngati buledi uja akadalipo.

Analipo. Anadya onse, mapazi ali m'madzi.

"Malizitsa msanga," anatero Amayi. "Madzi amabwerera. Basi yomaliza sibwerera."