Anawasiya pa Benchi

M'nyumba ya wosoka nsapato munali mtendere. Bambo ankakhala pakhonde ndi singano ndi guluu, mayi ankapalasa makina osokera m'chipinda chakutsogolo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakula akumva nyimbo zauzimu kuchokera mbali zonse ziwiri. Chaka chimene mnyamatayo anamaliza sukulu, mnzawo wa bambo ake, mphunzitsi wopuma pantchito, anachita khungu chifukwa cha matenda a shuga. Aphunzitsiwa kwa zaka zambiri ankayendera odwala kuchipatala ndi akaidi kundende kukawawerengera Mawu a Mulungu, ndipo anakana kusiya. Ankangosowa munthu wowagwira dzanja.

Mnyamatayo anadzipereka yekha. Anaimirira pamaso pa mpingo n'kulonjeza kuti sadzawasiya okha panjira, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kumutchula kuti Maso.

Zaka ziwiri zinayenda bwino. Lachiwiri ankapita kuchipatala, Lachisanu kundende. Maso ankadziwa kuchenjeza za ngalande ndi masitepe, ndipo ndiye ankanyamula chikwama. M'menemo munkakhala Baibulo, mankhwala, buledi ndi maswiti, chifukwa Aphunzitsi akadzibaya jakisoni m'mawa ankayenera kudya nthawi ya nkhomaliro isanapitirire.

Msuweni wake wa Maso ankagwira ntchito pagalaja, ndipo anzake ankamuti Sipanala. Loweruka lina masana anamukokera ku bala ya pafupi ndi depoti ya basi, n'kumuikira botolo kutsogolo.

"Unyamata wako wonse uthera m'dzanja la nkhalamba?" anatero Sipanala. "Ukununkha chipatala, msuweni. Tsuka kukhosi kamodzi, kumwamba sikugwa."

Maso anamwa, ndipo kumwamba sikunagwedi. Loweruka lotsatira anapita yekha osaitanidwa.

Mayi ake ndi amene anayamba kuzindikira, atamva fungo la mowa pamalaya pochapa. Anamufunsa, iye n'kunena kuti wina anamutayira m'basi. Bambo ake anaika nsapato pansi n'kumuyang'ana.

"Ngati watopa, nena, mpingo upeze wina," anatero. "Kutopa si tchimo. Koma munthu wosaona wakupatsa moyo wake m'manja, ndipo manja amenewo ayamba kunjenjemera."

Maso analumbira kuti sanatope. Nawonso Aphunzitsi, tsiku lina atapunthwa pamwala umene Maso sanauone, anangomuuza motsitsa mawu kuti maso awo anafa koma mphuno ikadali yamoyo. Mnyamatayo anaseka, n'kusintha nkhani.

Lachisanu lina kukutentha, akuchokera kundende, anafika padepoti dzuwa lili paliwombo. Sipanala anali pakhomo la bala kutsidya kwa msewu, akumukodola. Maso anawakhazika Aphunzitsi pa benchi, n'kuwauza kuti akukaona munthu wina, mphindi khumi zokha. Anawoloka msewu chikwama chili paphewa.

Botolo loyamba linaitana lachiwiri. Kenako panabwera masewera a pulu, ndipo Maso ankapambana. Pamene anakumbukira, mithunzi inali itatalika. Anathamanga n'kupeza pa benchi palibe munthu, ndodo ya Aphunzitsi yokha ili pansi.

Mayi wogulitsa zipatso pambali pake anamufotokozera zonse osamuyang'ana kumaso. Anati mkuluyo anamufunsa nthawi katatu. Iye anadzipereka kuwakweza basi, koma anakana, amvekere mwana wanga akabwera asandisowe. Kenako anayamba kutuluka thukuta ndi kulankhula zosamveka, anadzuka, anadzandira, n'kugwa chagada, mutu n'kumenya simenti. Anthu odutsa ankaganiza kuti ndi chidakwa, ena mpaka kuseka, ndipo panapita nthawi asanapezeke wowatengera kuchipatala.

Maso sanapite kuchipatalako, ndipo sanapitenso kunyumba. Anakabisala pagalaja, kumagona m'galimoto yakufa, chikwama chija atachikumbatira. Tsiku lachiwiri Sipanala anamuuza kuti abwana ake sakufuna nkhani, ndipo iyeyo sanakakamize munthu kumwa. Tsiku lachinayi m'mawa bambo ake anagogoda pawindo la galimotoyo. Sanamukalipire. Anangomuuza kuti Aphunzitsi akumuitana, ndipo adokotala akuti asachedwe.

M'wodi munali mabedi amene Maso ankawadziwa onse, chifukwa anali atawerengapo Mawu pambali pa lililonse. Aphunzitsi anali pabedi lakumapeto, mutu utakulungidwa bandeji, dzanja lamanzere litafa. Mwana wawo wamkazi atamuona anadzuka n'kutuluka. Maso anagwada n'kuyamba kupepesa, koma mkuluyo anamudula, n'kumuuza kuti atsegule Baibulo, kumapeto kwa kalata yotsiriza imene mtumwi analemba ali m'ndende.

Maso anawerenga. Mtumwiyo ankatchula anzake a muutumiki mmodzimmodzi. Wina anali atamusiya chifukwa chokonda za dziko lino. Ena anali atapita kukagwira ntchito kutali. Amene anatsala naye anali mmodzi yekha. Ndiyeno ankapempha kuti amubweretsere munthu wina, chifukwa anali wofunika pa ntchito.

"Ima pamenepo," anatero Aphunzitsi. "Amene akumuitanitsayo ukumudziwa? Ali mnyamata anamuthawapo mtumwi pakati pa ulendo. Ndiye othawa alipo awiri patsamba limodzi. Mmodzi sitimvanso za iye. Winayo anabwerera, n'kukhala munthu wodalirika. Wachitatu, wosathawayo, palibe chodabwitsa chimene chalembedwa apa za iye. Anangokhalapo basi. Ndinkafuna iwe ukhale ameneyo, mwana wanga."

Maso analira mpaka odwala a pafupi anatembenuka.

"Ndakukhululukira," anapitiriza mkuluyo. "Koma udziwe kuti kukhululuka kwanga sikundidzutsa pabedi pano. Lachisanu akaidi aja akhala akudikira. Usawasiye pa benchi."

Anamwalira patapita masiku awiri. Pamaliro Maso anafuna kunyamula nawo bokosi, koma mwana wamkazi wa malemuwo anapempha kuti asalikhudze, ndipo palibe anamutsutsa. Maso anayenda kumbuyo kwa anthu onse, mayi ake atamugwira mkono.

Lachisanu lotsatira anapita kundende ndi mkulu wina wa mpingo. Akaidi atafunsa za Aphunzitsi, mkuluyo anafuna kuyankha mozungulira, koma Maso anaimirira n'kunena yekha zimene anachita, osabisa kanthu. Mowa sanaulawenso. Mpingo unamulandira patapita miyezi, ngakhale ena mpaka lero salola kuti aperekeze makolo awo okalamba, ndipo iye sadandaula.

Wachinyamata iwe amene wapatsidwa munthu kapena ntchito m'manja, mvetsa. Maso sanadzuke tsiku limenelo ndi mtima wofuna kupha munthu. Anangokonda chisangalalo chake kuposa lonjezo lake, anachenjezedwa katatu, ndipo katatu konse anazemba choonadi. Mulungu amalandira wolapa, ndipo anamulandira. Koma Aphunzitsi anaikidwa m'manda, ndipo akanakhala ndi moyo mnyamatayo akanangokhala pambali pawo masana amenewo.